Mwana wa Yani? Kupima Buku la Margaret Read m'Cigwa ca Mtakataka

Tsiku limene munthu alandira digiri yaciwiri pa maphunziro a za ana ang'ono liri tsiku la cimwemwe, ndipo nkoyenera kutero, pakuti nchito imene waigwira si yaing'ono ai. Wawerenga za Froebel, amene m'caka ca 1840 anacha sukulu yake dzina lakuti munda wa ana; za Montessori, amene anatsegula nyumba ya ana mu mzinda wa Rome m'caka ca 1907; za Piaget wa ku Geneva, amene anapenyetsetsa ana ake omwe nalemba makwerero a maganizo ao. Walemba cimangirizo cacikulu, wayankha mafunso a omuyesa, wabvala mkanjo. Koma akabvula mkanjowo, natsika mseu wokhotakhota wa ku Golomoti, nafika patsinde pa mlambe pamene mlezi ali kugawira ana phala, apeza funso limodzi liri kumdikira: kodi mwana amene anamphunzira zaka zonsezi ndi mwana wa yani?

Funsoli si lacilendo kwa ophunzira a dziko lino. M'caka ca 2001 yunivesite ya Victoria ya ku Canada, motsogozedwa ndi Alan Pence, inayamba maphunziro otere kwa anthu a m'maiko 10 a mu Afrika, Malawi ndi Zambia ali momwemo, ndipo gulu loyamba linatsiriza m'caka ca 2004. Iwo anaphunzira ali pa nchito zao kwao, ndipo colinga cimodzi ca maphunzirowo cinali cakuti nzeru za m'mabuku zikumane ndi nzeru za eni dziko. Kunena nkwapafupi, koma kucita kwake kubvuta. Njira imodzi ndiyo kutenga mabuku ocepa amene analembedwa za ana a dziko lino ndi kuwapima mosakondera. Nchitoyi siiri ya eni digiri okha. Wophunzira uphunzitsi amene mawa adzaima m'Sitandade 1 adzalandira mwana wa zaka 6 amene waphunzira kale zambiri kwa anthu ena, ndipo ayenera kudziwa amene anamtsogolera pa nchitoyo.

I. Buku ndi mwini wake

Margaret Read anali mai wa ku England, wophunzira wa Malinowski ku London. Anakhala pakati pa Angoni kuyambira 1935 kufikira 1939, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa zaka zambiri pa Institute of Education ya yunivesite ya London. M'caka ca 1956 anaturutsa buku lochedwa The Ngoni of Nyasaland, ndipo m'caka ca 1959 lina lochedwa Children of Their Fathers, ndiko kunena kuti ana a atate ao. Laciwirili ndilo liri kupimidwa pano. Lifotokoza makulidwe a mwana wa Cingoni, makamaka m'dziko la Inkosi Gomani ku mapiri a Ncheu, kuyambira tsiku lobadwa kufikira atakhala munthu wamkulu.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti Read ayesa kulera kwa m'mudzi maphunziro enieni. Masiku amenewo ambiri, ngakhale aphunzitsi akuda omwe, ankaganiza kuti mwana wa kumudzi afika ku sukulu ali cikho copanda kanthu. Read aonetsa kuti Angoni anali ndi colinga pa mwana, anali ndi aphunzitsi, anali ndi makwerero. Khanda likhala ndi mai wake ndi kamtsikana kolibereka. Pofika nthawi yolileka kuyamwa, ulamuliro uli m'manja mwa gogo, mai wa atate, ndipo mwanayo asamukira m'nyumba ya gogoyo. Mano a ubwana akaguluka, mnyamata acoka pakati pa akazi nakagona ku laweni, kumene anyamata akulu amlamulira, ndipo masana aphunzira kuweta. Khwerero liri lonse liri ndi mwini wake ndi phunziro lake.

Ubwino waciwiri ndi wakuti zizindikiro za makwererowa Read sanabwere nazo m'thumba kucokera ku London. Anazipeza kwa eni ake. Kuguluka kwa mano kudza pa zaka 6 kapena 7, nthawi yomweyo imene Piaget anaona maganizo a mwana akusinthika, ndiponso imene Boma liitana mwana ku sukulu. Aphunzitsi akale, posowa kalata ya kubadwa, ankauza mwana kuti adutsitse dzanja pamutu agwire khutu la mbali yina. Gogo wa Cingoni analibe kalendala, koma poyang'ana m'kamwa mwa mdzukulu wake anadziwa comwe akatswiri anacipeza ndi mayeso. Wotsiriza maphunziro apamwamba akawerenga camutu cimeneci ayenera kudzicepetsa pang'ono.

Ubwino wacitatu ukhudza kwambiri owerenga za cinenero. Read aonetsa kuti kulankhula bwino kunali phunziro lalikulu: kupereka moni, kuthokoza, kudziwa polankhula ndi pokhala cete, kufikitsa uthenga monga unaperekedwera. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Zinthu zimene mwini mudzi aziona tsiku ndi tsiku osazisamala, mlendoyu anaziona nazilemba. Pa cimeneci ayenera kuthokozedwa.

II. Pamene buku litsimphina

Komatu buku labwino ndilo lisokeretsa msanga, pakuti wowerenga alikhulupirira. Wophunzira wa ku Dedza akapeza buku la ku London lonena za Angoni a pafupi ndi kwao, mtima umuuza kuti wapeza mwana wa kwao. Apa ndipo pofunika kucenjera, ndipo zifukwa zake ziri zitatu.

Coyamba ciri pa dzina lomwe la bukulo. Ana a atate ao: kodi ana a ku Mua, a ku Golomoti ndi a ku Mtakataka ali onse otero? Angoni a Kachindamoto anatsikira m'cigwa cimeneci m'zaka za m'ma 1890, atapatukana ndi a Gomani, nakhala pakati pa Acewa ndi Ayao. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua m'caka ca 1902 napeza mitundu itatuyi iri pamodzi, ndipo nyumba ya zakale ya Chamare, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher Chisale anawayambitsa m'caka ca 1976, isunga miyambo ya mitundu yonse itatu. Tsono kwa Acewa ndi Ayao mwana ali wa mbumba ya mai wake. Atate kawirikawiri ali mkamwini, ndipo nkhoswe yoyang'anira mwanayo ndi malume wake. Gogo amene amlandira atasiya bere ndi wa kucikazi, ndipo msinkhu ukakwana mnyamata apita ku mphala, osati ku laweni. Mitunduyi yakwatirana kwa mibadwo ingapo, kotero kuti pa mphasa imodzi ya m'kalasi pakhala ana a atate ao ndi ana a malume ao, olankhula cinenero cimodzi.

Imeneyi si nkhani ya m'mabuku cabe. Mwana akajomba masabata awiri, mphunzitsi wosazindikira alemba kalata yoitana atate, nadikira, nakwiya poona kuti palibe wabwera. Kapena atatewo ali ku nyanja kukapha nsomba, kapena ali ku Joni, kapena alipo koma mau otsiriza pa mwanayo si ao. Akadafunsa tsiku loyamba kuti mwanayu agona kwa yani, nanga mlandu wake apita nao kwa yani, akadapeza mwini wake msanga. Read sananame, analemba za Angoni a ku mapiri. Wolakwa ndi iye amene atenga nsaru yosokedwera mwana wina nakakamiza mnzake kuibvala.

Caciwiri nci: maso a Read anali kwambiri pa nyumba zazikulu, za mabanja omveka, eni ng'ombe ndi eni milandu. Acewa ndi anthu wamba aonekera m'bukumo kwenikweni monga momwe eni nyumba zazikuluzo anawaonera. Wowerenga wacidwi adzaima pa munthu mmodzi amene apita uku ndi uku m'masamba oyamba, ndiye kamtsikana kobereka khanda. Iyenso ndi mwana. Nanga iye ali mwana wa yani? Amlera ndani pamene iye ali kulera mnzake? Bukulo lisamala za khanda liri kumsana koposa za msana umene ulinyamula. Koma mphunzitsi wa Sitandade 1 adzakomana ndi msana umenewo: mtsikana wa zaka 7 wofika mocedwa cifukwa amai apita ku mpunga ku Bwanje namsiyira mng'ono wake. Kulera kumeneku kumphunzitsa zambiri, cifundo ndi kupirira ndi kusamala, ndipo sikuyenera kunyozedwa. Koma mtengo wake aulipira yekha, ndipo ukakula mtengowo usanduka kusiya sukulu. Nkhondo imene Inkosi Theresa Kachindamoto, wolowa ufumu m'caka ca 2003 ndi kumwalira m'caka ca 2025, anaimenya pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana ku sukulu, mizu yake ina iri m'zaka zoyambazi. Buku loyamika mwambo likapanda kufunsa amene asenza katundu wa mwambowo, lanena theka la coonadi.

Cacitatu ndi mau amene amveka m'bukumo. Ambiri ali mau a akulu, ofotokoza mwana monga ayenera kukhalira. Akuluwo anali kukumbuka ufumu umene unatha mphamvu pamene asilikari a Azungu anapha Gomani woyamba m'caka ca 1896. Ndipo munthu wokumbuka ulemerero wotaika aongola zokhota osadziwa. Ndiponso zaka 20 zinapita pakati pa kuona ndi kusindikiza. Pamwamba pa izi, bukulo linalembedwa m'Cingerezi, kulembera anthu a kutali, kotero kuti mau enieni amene gogo ananena kwa mdzukulu wake afika kwa wowerenga atabvula khungu lao. Kwa wophunzira cinenero kutaika kumeneku nkwakukulu, pakuti kulera kukhala m'mau.

III. Mboni ya m'nyumba

Pofuna kuongola muyeso nkwabwino kuika buku lina pa mbale yaciwiri. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo m'Cinyanja, napambana nalo mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afrika. Linaturuka m'caka ca 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi m'caka ca 1934 pa dzina lakuti Man of Africa. Nthara ayamba nkhani yake mwanayo asanabadwe, natsata miyambo ya pakati ndi ya cikuta monga munthu wa m'nyumba momwemo. Cimene Read alibe, Nthara ali naco: mau a anthu m'cinenero cao, kukangana kwao, mantha ao, ndi mwana amene sakula monga akulu anafunira. Nthondo akula wosamvera ndi wa manja lende. M'buku la Read mwambo ugwira nchito yake bwino lomwe. M'buku la Nthara wowerenga aona mwambo ukulephera pa mwana mmodzi, ndipo mphunzitsi aphunzira zambiri pa mwana wolephereka koposa pa ana khumi omvera.

Koma Nthondo nayenso atsimphina mwendo wake. Nkhaniyo inaumbidwa kuti ikathere pa kutembenuka mtima, cotero ubwana wa m'mudzi uoneka ngati mdima woyembekeza kuca. Read akometsa mudzi, Nthara audetsa pang'ono. Wina anaima panja nayamika, wina anaima m'kati nadzudzula. Wowerenga limodzi lokha aona ndi diso limodzi.

IV. Mau atatu

Njira yoturukira pakati pa awiriwa anaionetsa Robert Serpell, amene kuyambira 1973 anafufuza pakati pa Acewa a ku Katete m'dziko la Zambia, nalemba zopeza zake m'buku la The Significance of Schooling m'caka ca 1993. Iye sanafunse akulu kuti mwana ayenera kukhala wotani, pakuti funso lotero libala ulaliki. Anawapatsa nkhani ya nchito yofunika m'mudzi nawafunsa kuti mwa ana awa amene muwadziwa mungatume uti, ndipo cifukwa ninji. M'mayankho ao munaturuka mau amene Mcewa ali yense awadziwa: nzeru, kucenjera, kutumikira. Kunaoneka kuti kwa akuluwo nzeru iri ndi miyendo iwiri. Wina ndi kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga; wina ndi kutumikira, ndiko kumva, kukhulupirika ndi kusenza udindo. Kucenjera kopanda mnzakeyo ndi kwa Kalulu wa m'nthano, kumene ana akusekera koma palibe kholo lifunira mwana wake. Ndipo ana amene akulu anawasankha sanali kwenikweni omwe anapambana mayeso amene Serpell anawayesa nao.

Apa pali phunziro lalikulu kwa wotsiriza maphunziro apamwamba. Zaka ziwiri wakhala akuwerenga za liu limodzi la Cingerezi limene alimasulira kuti nzeru, koma mayeso ambiri a m'mabuku ake ayesa mwendo umodzi wokha. Akafika ku Golomoti nauza makolo kuti sukulu ya mkombaphala idzapatsa ana nzeru, iye anena cina, iwo amva cina. Pakapita caka, mwana adziwa kuchula masiku a sabata m'Cingerezi koma satha kufikitsa uthenga kwa azakhali ake, ndipo makolo ati sukulu yamcenjeretsa cabe. Onse awiri anena zoona, koma sanamvane, pakuti liu silinapimidwe. Tsono cinenero si cotengera cabe cothiramo nzeru zocokera kwina. M'kati mwake muli kale maganizo a eni ake pa za mwana.

V. Umboni wa zaka zino

Wina angati zonsezi nzakale, tsobola wakale sawawa. Ayankhidwe ndi umboni watsopano. Sukulu za mkombaphala za m'midzi zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo Boma linakhazikitsa ndondomeko ya mmera mpoyamba m'caka ca 2003. Alezi ambiri a m'menemo agwira nchito modzipereka, ataphunzitsidwa masabata owerengeka kapena osaphunzitsidwa konse. Berk Özler ndi anzake anafufuza sukulu zotere 199 m'maboma a Dedza, Balaka, Thyolo ndi Nkhata Bay, nasindikiza zopeza zao m'caka ca 2018. Sukulu zonse zinalandira zoseweretsa. M'zina alezi anaphunzitsidwa. M'zina anaphunzitsidwa nalandiranso kandalama. M'zina, pamwamba pa kuphunzitsa alezi, makolo omwe anasonkhanitsidwa kuphunzira za kucezetsa ndi kusewera ndi ana kunyumba. Patapita miyezi 18, ana amene anaoneka kuti apita patsogolo pa kulankhula ndi pa kukhala ndi anzao anali a gulu lotsirizali, m'mene sukulu ndi nyumba zinayendera pamodzi. Patapita miyezi 36, ambiri atalowa ku pulaimale, kusiyanako kunazimirira.

Zinthu ziwiri zioneka pamenepa. Kuphunzitsa mlezi yekha, nyumba iri kumbali, sikunafike kwa mwana. Ndico comwe Read anaona kale, kuti mphunzitsi woyamba ali m'mudzi. Ndipo phindu limene linapezeka silinakhalitse. Zifukwa zake zingakhale zambiri, koma wophunzira uphunzitsi sangathawe kudzifunsa ngati kalasi imene idzakhala m'manja mwake idzasunga mmera umene ena anabzala, kapena idzaufotetsa ndi kuloweza kosatha.

VI. Cotsalira

Buku la Read liyenera kuwerengedwa m'makoleji a aphunzitsi, koma liwerengedwe pamodzi ndi Nthondo, ndiponso ndi pensulo m'manja. Pa tsamba liri lonse wowerenga alembe m'mphepete kuti kwao zitero kapena sizitero, ndi liu la Cicewa limene agogo ake akadanena pamenepo. Pa chuti akhale madzulo atatu pamene ana asewera masanje, osawalangiza kanthu, amve amene akhala mai, amene akhala fisi, ndi m'mene aweruzira milandu yao. Alembe nthano ndi zirapi monga ana omwe azinenera, osazikonza. Ndipo sabata yoyamba ya sukulu afunse za mwana ali yense mafunso atatu: agona kwa yani, alera yani, atumidwa ciani.

Kwa iye amene wabwera ndi digiri muyeso wake ndi womwewo, kungoti katundu wake ndi wolemera koposa. Zimene anaphunzira nzoona ndipo nzofunika: njala ndi malungo zipundula ubongo wa khanda, mwana wolankhulidwa kawirikawiri alankhula msanga, kusewera ndiyo nchito ya mwana. Koma mayeso ake otsiriza sanacitikire m'cipinda ca yunivesite. Adzacitika tsiku limene adzakhala pa mphasa ku Mtakataka pamodzi ndi mlezi, gogo ndi malume, nayesa kunena cimangirizo cake conse m'Cicewa comveka. Cimene cidzakana kunenedwa acibwerezenso, pakuti kapena sanacimvetse iye mwini, kapena cinali ca mwana wa eni. Cimene cidzanenedwa, gogo nagwedeza mutu naonjezapo cake, cimeneco ndico wabwera naco kwao.